Chimene chinachotsa mkazi wa Daigo pakhomo

Mayi wina wandilembera pa imelo ataonera filimu ya ku Japan yotchedwa Okuribito. Akufunsa kuti: "Bwanji mkazi uja anathawa mwamuna wake chifukwa chongosambitsa ndi kuveka maliro? Kwathu kuno adzukulu sitiwanyoza chotere."

Mayi, apa ndiye pagonadi nkhani. Ku Japan kuli chikhulupiriro chakale cha chipembedzo cha Shinto chotchedwa kegare, choti imfa imadetsa munthu woiyandikira. Mpaka lero ena akachoka kumaliro amadziwaza mchere asanalowe m'nyumba. Kalelo ntchito za mitembo ndi zikopa ankazisiyira anthu osalidwa, ndipo zidzukulu zawo, zotchedwa burakumin, zinasalidwabe kwa nthawi yaitali. Choncho Mika, mkazi wa m'filimuyi, pokana kuti mwamuna wake Daigo amukhudze, sanali mkazi wouma mtima. Ankalankhula zimene anakula nazo.

Filimuyi inatuluka mu 2008, ndipo anaitsogolera ndi Yojiro Takita. Daigo ndi woimba cello, chida choimbira cha zingwe, amene gulu lake loimba latha ku Tokyo. Atabwerera kwawo ku Yamagata, akufunsira ntchito imene akuyesa ya zamaulendo, osadziwa kuti ndi ya nokanshi, wokonza mtembo asanaugoneke m'bokosi.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi manja. Abale agwada pamkeka, maso onse ali pompo, koma wokonzayo akupukuta thupi ndi kulisintha zovala pansi pa nsalu, khungu la malemu osaonekera ngakhale pang'ono. Mukukumbukira bambo uja, mwamuna wa malemu, amene anakalipira Daigo ndi abwana ake chifukwa chochedwa mphindi zisanu? Abwana ake a Daigo anapempha lipisitiki imene malemu ankakonda, n'kuwapaka. Bamboyo ataona nkhope ya mkazi wake anagwa ndi kulira, kenako anawatsatira panja kukathokoza. Pamenepa ndimalira nthawi zonse.

Mika naye sanasinthe chifukwa chonyengereredwa. Anabwerera ali woyembekezera, akufunabe kuti mwamuna wake asiye ntchitoyo, mpaka tsiku limene anaona ndi maso ake Daigo akukonza mtembo wa mayi wachikulire amene ankayendetsa nyumba yosambiramo anthu m'tauniyo, mayi amene iye ankawadziwa.

Mu 2009 filimuyi inapata mphoto ya Oscar. Mukadzaioneranso, Mayi, mudzatchere khutu kumapeto, pa maliro a bambo ake a Daigo: Mika yemwe uja ndi amene akuuza anthu obweretsa bokosi ntchito ya mwamuna wake, mosachita manyazi.