Ndikufuna kupanga ulusi wa ndere wochotsa mtovu m'madzi: ndisankhe kosi yanji?

Mtsikana wina wa Fomu 4 wandilembera chonchi: "Ndinaona pa YouTube asayansi akupanga ulusi kuchokera ku ndere za m'nyanja, wochotsa mtovu m'madzi akumwa. Ntchito imeneyo ndi imene ndikuifuna. Koma bambo akuti ndipite ku unamwino, kumene ntchito ili yodziwika. Ndisankhe kosi yanji?"

Mwana wanga, pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma sudzapezapo kosi ya ulusi wa ndere. Chimene unaonacho ndi chemistry, ndipo khomo lake ndi limenelo.

Ndere zake si zobiriwira zija zoterera pamiyala ku Nyanja ya Malawi. Ndi za m'nyanja ya mchere, makamaka zofiirira. Mwa izo amatulutsamo chinthu chomata chotchedwa alginate, chimene katswiri wa ku Britain E.C.C. Stanford anachitulukira mu 1881. Ngati unaonapo dokotala wa mano akuika phala m'kamwa mwa munthu kuti atenge chikombole cha mano, nthawi zambiri phala limenelo ndi alginate. Chinsinsi chake n'chakuti chimagwira zitsulo zosungunuka m'madzi monga mtovu, cadmium ndi kopa. Ukadontheza alginate m'madzi a calcium chloride, dontho lililonse limauma n'kukhala kampira kofewa ngati dzira la chambo. Mtovu ukafika, umakankha calcium uja n'kukhala pamalo pake.

Nanga ulusi ubwera bwanji? Amathira madzi a alginate mu sirinji, n'kulumikiza singano ku magetsi amphamvu a mavolti masauzande ambiri. Kuchokera kunsonga kumathamanga kaulusi kosaoneka ndi maso, n'kumakaunjikana pa chitsulo mpaka kupanga kansalu koyera. Njirayi ndi electrospinning. Tsitsi limodzi la m'mutu mwako likhoza kukula kuposa kaulusiko mazana angapo, ndiye kansalu kakang'ono kamakhala ndi malo ochuluka ogwirira mtovu. Koma alginate payokha ndi yamakani, sifuna kupoteka, choncho amaisakaniza ndi mankhwala ena monga PVA. Zimene pa kanema sanena n'zakuti kansalu kakakhuta mtovu kamasanduka chinyalala choopsa. Amakatsuka ndi asidi wosawawa kwambiri kuti akagwiritsenso ntchito, ndipo madzi otsukirawo nawonso afunika kowataya. Kafukufuku wambiri wa ulusiwu akadali m'malabotale a mayunivesite.

Ndiye iwe uchite izi. Pa MSCE limbikira Chemistry, Physics ndi Masamu. Posankha, yang'ana chemistry ku UNIMA ku Zomba kapena chemical engineering ku MUST ku Thyolo. Za ulusi weniweniwo zimabwera pa masters ndi PhD, kawirikawiri kunja ndi sikolashipu, ndipo amene amatengedwa ndi okhoza bwino digiri yoyamba.

Pali luso limodzi limene ndikufuna uligwire mwamphamvu ukadzafika kumeneko: kuyeza. Bungwe la WHO limati mtovu m'madzi akumwa usapitirire ma microgram 10 pa lita imodzi (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Madzi otere amaoneka oyera mbee, sanunkha, sawawa. Munthu wodziwa kutunga madzi m'botolo loyenera, kuwasunga osaipitsidwa, ndi kuwayeza pa makina a AAS oyezera kuchuluka kwa zitsulo m'madzi, ndi amene angatsimikize ngati fyuluta iliyonse ikugwira ntchito. Pa pulojekiti ya chaka chomaliza, pempha mutu umene udzakulowetse m'chipinda cha makinawo, ngakhale utakhala wosefa madzi ndi makoko a mtedza kapena zitsononkho. Mfundo yake ndi yomweyo ya ndere, ndipo zipangizo zake zili pakhomo.

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo si yachabe. Komabe mwana wodziwa kuyeza madzi sadikira fakitale ya ulusi wa ndere. Ma water board, a Malawi Bureau of Standards, makampani a zakumwa ndi a migodi, onsewa ali ndi malabotale. Vuto la zitsulo m'madzi ndi m'nthaka lilinso pafupi: ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Chimene sindingakulonjezeni n'chakuti ntchito idzamupeza msanga ngati ya unamwino. Mukhale naye pansi, muone limodzi magiredi ake a Chemistry a matemu atatu apitawa musanadzaze fomu.