Kwa mayi amene bala lake la opareshoni likukana kupola

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo ya mayi wina amene anabereka kudzera pa opareshoni masabata asanu apitawo. Akuti bala linatseka, koma kumapeto kwake kukutuluka timadzi tonunkha, ndipo apongozi akumuuza kuti anzake pakatha mwezi amakhala atagwira kale khasu. Akufunsa kuti apakepo chiyani kuti liume msanga. Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga katatu ndipo usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa munandibwezera ku 2019.

Chaka chimenecho, mu Okutobala, anandichita opareshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero. Ndinatuluka m'chipatala patatha masiku anayi, ulusi anadzachotsa sabata yotsatira, ndipo aliyense anati mwachira, Mulungu ndi wabwino. Nanenso ndinakhulupirira. Pa tsiku la 12 kunabwera azibale kudzandizonda, anthu asanu ndi mmodzi, ndipo pampopi madzi anali atasiya masiku awiri. Mtsikana amene ankandithandiza anali atapita kuchigayo. Ndinachita manyazi kuti alendo asowe madzi osamba m'manja, ndiye ndinanyamula chidebe cha malita 20 kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kukhitchini. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ndinanyamula makilogalamu 20 ndi mimba yosokedwa, ndipo pomatula chidebecho ndinamva chinachake chikukoka m'kati. Madzulo ake chitenje chinali chitanyowa.

Ndinabisa masiku anayi. Izi ndi zimene zimandiwawabe mpaka lero. Ndinkaopa kuti akandikalipira kuchipatala, ndinkaopa ndalama ya minibasi, ndinkaopanso kuti abale anene kuti mayiyu amakonda kudwala. Azakhali anga, mwa chikondi chawo chonse, anagula makapisozi pagolosale, kuwatsegula n'kuwaza ufa wake pabala. Pamwamba panaumadi, panachita nkhanambo, ife n'kumati zikuyenda. Koma mafinya anali atatsekeredwa pansi. Usiku wachinayi ndinadzuka ndikunjenjemera ngati ndili ndi malungo, pamimba patatentha, patafiira komanso kulimba ngati thabwa.

Kuchipatala anatsegula mbali ina ya bala, kufinya mafinya onse, kutsuka, n'kulisiya lotsegula. Ndinalira kuti andisokenso. Namwino wina wachikulire anakhala pambali pa bedi n'kundifotokozera kuti bala limene lalowa tizilombo salisoka nthawi yomweyo, chifukwa kutero n'kutsekera matenda m'kati. Liyenera kudzaza lokha kuchokera pansi kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono. Ndi mayi yemweyo amene anaumirira kuti andiyeze shuga. Anapezeka wokwera kwambiri. Ndinali ndi matenda a shuga osadziwa, ndipo shuga akakwera magazi sayenda bwino pabala komanso thupi limalephera kulimbana ndi tizilombo. Ndinatsukitsa bala limenelo masabata 11, poyamba tsiku lililonse, kenako modumphitsa tsiku. Khirisimasi inandipeza ndili ndi bandeji.

Tsono mawu a apongozi anuwo ndi amene andiwiritsa mtima. Sindikunena kuti ndi munthu woipa. Mwina iwo anabereka ana asanu ndi awiri n'kumadzuka m'mawa mwake kukasinja, ndipo akuyeza inu ndi muyezo womwewo. Koma inu anakudulani khungu, mafuta, kachikopa kolimba kamene kamagwira minofu ya pamimba, mpaka chiberekero chenichenicho. Khungu ndi limene limafulumira kutseka. Za m'katizo zimatenga nthawi yaitali, n'chifukwa chake achipatala amanena kuti kwa masabata 6 musanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wanu. Ndipo masabata 6 amenewo ndi a munthu amene bala lake likuyenda bwino. Amene amaphwanya lamuloli, ena patapita miyezi amadzaona chotupa pachipsera, matumbo atakankha pamene m'kati munalekana, n'kubwereranso kumpeni kachiwiri.

Ife Amalawi kudwazika kuchipatala timakudziwa. Wodikirira amagona pansi pa bedi, amaphika kunja ndi nkhuni zogula, amayi a mumpingo amabwera ndi phala, nthochi ndi nyimbo. Koma wodwala akangotuluka pageti ya chipatala timamuwerenga kuti wachira. Alendo amasiya kubwera ndi chakudya, amayamba kubwera kudzadya. Mayi amene dzulo lake anali ndi diripi pamkono akupezeka akukoleza mbaula kuti aphikire anthu obwera kudzamuona. Ine ndimakana zimenezi ndi mtima wanga wonse. Ukapita kukazonda munthu wa opareshoni, nyamula ndiwo zophika kale, tunga madzi, chapa matewera, sesa pabwalo, ndipo usachedwepo. Ndipo abambo, nkhaniyi ndi yanu poyamba. Si mkazi wanu amene ayenera kulimbana ndi mayi anu pa nkhani ya khasu. Ndinu amene muyenera kunena kuti amayi, mkazi wangayu sagwira ntchito mpaka adokotala atalola.

Palinso nkhani ya chakudya, imene inandivutitsa ine. Ndinauzidwa kuti ndisadye therere chifukwa bala lizichucha, ndisadye mazira, ndisadye nsomba. Ndinatsala ndi nsima ya masamba ndi tiyi wa shuga wambiri, chinthu chimene chinkandipweteka kwambiri. Bala limamangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Mazira, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala, mkaka ngati ulipo. Magwafa, malalanje, mapapaya ndi malambe zimapereka vitamini C amene thupi limafuna pomanga mnofu watsopano. Inuyo achemwali mukuyamwitsanso, ndiye thupi lanu likugwira ntchito ziwiri. Amayi ambiri amataya magazi pobereka, ndipo wochepa magazi bala lake limachedwa. Mapiritsi owonjezera magazi aja musawasiye chifukwa chakuti akudetsa chimbudzi, amatero ndithu.

Tsono mupakepo chiyani?

Musapakepo kanthu. Osati ufa wa makapisozi, osati Colgate, phulusa, mafuta odzola kapena masamba osinja. Bala la masabata asanu limene likutulutsa madzi onunkha likufunika maso a namwino kapena dokotala, ndipo mupite mawa, osadikira tsiku la sikelo. Tengani buku lanu la kuchipatala. Apempheni akuyezeni shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala ena alionse, anene. Akakupatsani mankhwala opha tizilombo, mumalize onse ngakhale fungo litatha pa tsiku lachitatu. Ngati angakuloleni kutsukira kunyumba, akuonetseni kaye ndi maso anu: kusamba m'manja ndi sopo, madzi amchere a kuchipatala aja, bandeji yoyera nthawi iliyonse. Pamene mimba yapindikira pamwamba pa chipsera pamasunga thukuta, pazikhala pouma, ndipo chitenje chomangira mimba chisakhule pabala. Muziyenda pang'ono pakhomo tsiku lililonse, kugona tsiku lonse kumaundanitsa magazi m'miyendo.

Koma thupi likatentha kufika madigiri 38 kapena mukayamba kunjenjemera, kufiira kukamafalikira, bala likatseguka, magazi akamatuluka ambiri kumusi kapena akamanunkha, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukamabanika, musadikire kuti kuche. Dzutsani anthu, pezani galimoto usiku womwewo.

Ngati msewu wa kwanu ndi wa mabampu ndipo chokwera ndi kabaza yekha, pindani chitenje muchigwirizire pamimba, munthu wina anyamule mwana. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kudziwa zimene apeza pa shuga.