Mfule yanga yasiya kudya

Funso: Ndatsekera mfule m'khola kuti inenepe, ndidzagulitse kwa abutcha. Dzulo ndinaipatsa madeya odzaza ndowa, lero ikutsegula m'mimba ndipo sikudya. Ndalakwa pati? — Mlimi, Mitundu

Yankho: Bambo, mwafulumira. Ng'ombe yozolowera msipu imafuna milungu iwiri kapena itatu kuti mimba izolowere madeya. Akachuluka mwadzidzidzi amasasa m'mimbamo, ndipo amapha ndithu. Chotsani madeyawo, muipatse udzu wouma kapena masangwi a mtedza ndi madzi. Ikagona osadzuka, itanani alangizi a ziweto lero lomwe.

Ikayambanso kubzikula, yambani ndi kilogalamu 1 ya madeya patsiku, theka m'mawa theka madzulo, n'kumawonjezera theka la kilogalamu masiku atatu aliwonse mpaka makilogalamu 4. Udzu usasowe m'khola. Muigulitse pakatha masiku 90 mpaka 120. Mukapitirira apo, madeya ayamba kudya phindu lanu.