Mwana wanga akukana phala, nditani?

Mayi wina watilembera imelo. Mwana wake woyamba ali ndi miyezi 7 ndipo anayamba phala mwezi wathawu, koma akangoona supuni amatembenuza mutu n'kutseka pakamwa. Apongozi ake akumuuza kuti azimugwira manja n'kumuthira phala lamadzi m'kamwa monga ankachitira kale. Kusikelo amuuza kuti mwanayo sanakwere bwino, ndiye mayiyu akuti nthawi ya phala wayamba kuiopa.

Mayi, tiyambire m'poto. Chifu cha mwana wa msinkhu uwu n'chaching'ono, chimadzaza ndi chakudya chosakwana kapu imodzi. Mukamupatsa phala lamadzi, amakhuta madzi, ndipo sikelo siyenda ngakhale atamaliza mbale yonse. Tungani phala ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayoyoka ngati thobwa, madzi achuluka. Phala labwino limakakamira pasupuni n'kumagwa pang'onopang'ono.

Ufa wake ukhale wa mgaiwa, chifukwa ufa woyera wataya zambiri pokonola ndi poviika. Ngati mungapeze soya, pangani ufa wa Likuni Phala pakhomo: makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Soyayo musankhe, mumukazinge pa moto wochepa mpaka afiirire ndi kuyamba kununkhira, mupete makoko, kenaka musakanize ndi chimanga n'kupita nazo kuchigayo. Osadumpha kukazingako. Soya wosakazinga amanunkha uwisi, amatupitsa mimba, ndipo ana ena amene anthu amati "akukana Likuni" amakhala akukana fungo limenelo. Gayitsani wochepa, wokwanira masabata awiri kapena atatu, chifukwa ufa wa soya uli ndi mafuta ndipo ukakhalitsa umasintha fungo.

Phala likhale pamoto mphindi 15 likuwira. Likapsa, thiranimo kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira, kapena supuni ya nsinjiro lisanatsike pamoto. Mtedza wa nsinjiro muzisankha nokha: wofota, wakuda ndi wachuku tayani, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kuphika. Tsiku lina ikanimo dzira lophikidwa bwino, tsiku lina usipa kapena bonya wokazinga n'kusinja mpaka akhale ufa wosefa, tsiku lina nkhwani kapena bonongwe wophika n'kupota. Pa miyezi 6 ayironi (wothandiza kupanga magazi) amene mwana anabadwa naye amakhala akutha m'thupi, ndipo bere lokha silikwanitsanso. N'chifukwa chake pa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, gulu la zanyama ndi limene sindifuna kuti lizisowa. Tiyi musamupatse, amalepheretsa thupi kuyamwa ayironiyo. Uchi adikire mpaka akwanitse chaka. Shuga ndi mchere sizofunika.

Pali nzeru ina imene agogo angaikonde chifukwa amaidziwa: chimera. Ngati phala lolimba likumuvuta mwana kumeza, liphuleni, lipoleko pang'ono, thiranimo kasupuni ka ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita mphindi zochepa limafewa lokha popanda kuonjezera madzi. Libwezereni pamoto liwirenso pang'ono musanamupatse.

Tsopano muyezo. Ambiri amada nkhawa chifukwa amayembekezera kuti mwana amalize mbale ngati mkulu wake wa zaka zitatu. Pa miyezi 6 mpaka 8, masupuni akuluakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi poyambira pabwino. Muzionjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu ya 250 ml. Kuyambira miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi. Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, ndipo pa msinkhu wa mwana wanuyu mphamvu zambiri akuzipezabe kubere.

Za kumugwira manja zija, ayi. Mwana akamalira n'kumuthira phala, amatsamwa, ndipo phala likhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kachiwiri, amaphunzira kuti supuni ndi mdani, ndiye mawa amakana asanalawe n'komwe. Mukhazikeni pamiyendo panu ali chokhala, moyang'anana nanu, pa nthawi imene sanatope ndi tulo komanso njala sinafike pomuliritsa. Mufikitseni supuni pamilomo n'kudikira atsegule yekha. Akalavula, sikuti wakana. Lilime lake lazolowera kuyamwa, likuphunzira kumene kukankhira chakudya kukhosi. Akatembenuza mutu kangapo, siyani, mudzayesenso pakapita maola awiri ndi phala lina latsopano. Lotsala idyani nokha, chifukwa phala logona m'mbale nthawi yotentha ndi limene limabweretsa kutsegula m'mimba. Chakudya chachilendo mwana akhoza kuchikana maulendo 8 kapena 10 asanachilandire, ndiye musachichotse pa mndandanda tsiku loyamba.

Ana ena sadana ndi chakudya, amadana ndi kudyetsedwa. Msambitseni m'manja ndi sopo, mupatseni kachidutswa ka nthochi yakupsa, papaya, peyala kapena mbatata yofiira m'kati yophika bwino, kofewa koti kaphwanyike pakati pa zala zanu. Zambiri zithera patsaya ndi m'tsitsi, inde, ndipo zochapa zichuluka. Koma nkhope imene mwana amapanga akalawa mango koyamba ndi yoitanira nyumba yonse kuti idzaone. Mudyetseni pamkeka pamene ena akudya, chifukwa ana amatengera pakamwa pa anzawo. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga zikhale kutali, zimatsamwitsa.

Apongozi musawatsutse pamaso pa anthu. Analera ana awo m'njira imene anaphunzitsidwa, ndipo chimene akuopa ndi chomwe mukuopa inu, kuti mdzukulu awonda. Nkhaniyi aiyambitse ndi bambo a mwana, popeza apongoziwo ndi mayi awo. Atengeni agogowo kusikelo kuti akamve okha kwa alangizi. Apatseninso ntchito yawoyawo: kupanga chimera, kusinja nsinjiro, kapena kumuimbira mwana inu mukudyetsa. Bambo nawonso azimudyetsa mwana chakudya chamadzulo, ntchitoyo ikhale yawo. Mwana amene wazolowera kuti pa mayi pali bere nthawi zina amadya bwino kwa munthu wina.

Musadikire tsiku la sikelo ngati mwana akukana ndi bere lomwe, watentha thupi, akusanza chilichonse, ali ndi zoyera kapena zilonda m'kamwa, kapena mapazi atupa. Akatsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo mukatenge zinc kuchipatala. Ngati mzere wa m'buku lake sukwera miyezi iwiri yotsatizana, pemphani amuyeze mkono, aone ngati akufunika chiponde.