Za poto wa slow cooker uja, alamu

Alamu, mwaswera bwanji ku Leicester kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndinauona ndili m'basi, ndiye ndinati ndikafike kaye pakhomo ndivule nsapato. Ndangojambula mawu chifukwa zala zatopa. Ena pagulu pano amene nkhaniyi sikukukhudzani ingodutsani, ndikhalitsapo pang'ono.

Mwati munagula slow cooker, poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono uja, ku charity shop, m'mawa munaponyamo nyama ya ng'ombe, mbatatesi ndi tchizi, pobwera madzulo n'kupeza zamadzimadzi, mbatatesi yapamwamba yosapsa, tchizi chitachita timibulu ngati chambiko. Mukufunsa kuti munalakwitsa pati. Chithunzicho ndachiona, ndaseka ndithu, koma sindikuseka inu. Yanga yoyamba ana anangosuzumira m'mbale n'kufunsa ngati buledi alipo.

Akulakwirani ndi madzi, alamu. Ife tinakulira pambaula. Pambaula umathira madzi mpaka nyama kumira chifukwa ukudziwa kuti aphwa, ndipo uwonjezeranso kawiri katatu. Poto ameneyu madzi saphwa ayi. Nthunzi ikakwera imagunda chivundikiro n'kudonthera momwemo. Ndiye nyama itulutse madzi ake, anyezi atulutse ake, mbatatesi nayonso, kuphatikiza amene munathira inu aja, mukuganiza apita kuti? Kapu imodzi yokha ya msuzi yakwana. Mukamathira muona ngati achepa, mtima uzikuuzani kuti zipserera, koma musawonjezere.

Chachiwiri, poto ameneyu sakazinga. Amangofewetsa basi. Kafungo kaja ka nyama yokazingika bwino muyenera kukapangira nokha pachiwaya musanaike mupoto. Mphindi khumi zokha. Amene amati ungoponyamo zonse zaziwisi n'kumapita, asiyeni, mwina pakamwa pawo sipasankha.

Ine ndimachita chonchi, ndipo poto wanga ndi wa malita 3.5, ngati wanu ndikuona pachithunziyo. Ndimagula minsi ya magalamu 500. Ku Aldi kaya ku Tesco papaketi amalemba kuchuluka kwa mafuta. Ya 5% imauma ikakhalitsa, ya 20% ndi yotchipa koma mukakazinga mutsanule mafutawo, apo ayi ayandama pamwamba mpaka kunyansa. Ine ndimatenga yapakatikati. Ndimaikazinga pamoto waukulu mpaka ifiire, osati kungoyera. Kenako anyezi awiri, adyo, supuni ya tomato wa m'chubu uja, mchere, tsabola wakuda. Ndikatero ndimawazamo masupuni awiri a fulawa n'kutakasa, ndi amene amalimbitsa msuzi. Ndiye kapu ija ya madzi otentha, nditasungunuliramo Oxo mmodzi, kachibuma kokometsera msuzi kaja. Ngati Royco wanu munabwera naye uja adakalipo, nayenso amagwira. Mchere muchepetse dzanja, Oxo ali ndi wake, tchizi chilinso ndi wake.

Mbatatesi kilogalamu imodzi, musende, mudule mopyapyala mozungulira, kunenepa kwake ngati makoini awiri a paundi mutawasanjikiza. Zonse zifanane, chifukwa zikasiyana ina iphwanyika ina idakali gwa. Kunotu mbatatesi ili ndi mayina, si ngati pa Tsangano kapena pa Lizulu pamene umangoloza ndowa. Maris Piper ndi yabwino kutchipisi koma mupoto ameneyu imasungunuka n'kukhala phala. Fufuzani Charlotte, kapena yofiira khungu ija amati Desiree, imeneyo imapsa koma osataya thupi. Aaa, ndatchula Tsangano mtima wawawa, mbatatesi ya kwathu ija kukoma kwake kuno sindinakupeze.

Poyala, pakani kaye timafuta mkati mwa poto. Pansi penipeni pakhale mbatatesi, chifukwa kutentha kumachokera pansi ndi m'mbali, ndipo mbatatesi imachedwa kupsa kuposa minsi. Pamwamba pake nyama, kenako mbatatesi, kenako nyama ndi msuzi wonse wotsala kuti utsikire pansi. Yanu ija inakana kupsa chifukwa inali pamwamba, pouma. Poto asadzaze mpaka pakamwa, musiye danga la zala zitatu kapena zinayi. Mukatchera pa Low, moto wochepa, maola 7 kapena 8, pa High, moto wambiri, maola 4. Ine ndimakonda Low.

Tsopano tchizi. Chimenechi ndi chomalizira, alamu. Chilichonse cha mkaka chikakhala pamoto tsiku lonse chimalekana, mafuta kwaokha, timibulu kwaokha, ndi zomwe munaona zija. Mukafika madzulo, lasani mbatatesi ndi mpeni, ikalowa mosavuta wazani tchizi pamwamba, magalamu 150 kapena 200, vundikirani, pakatha mphindi 15 kapena 20 zatheka. Nthawi imeneyo ndi yoti musambe. Gulani cheddar cholembedwa kuti mature, chimamveka pakamwa ngakhale mutathira chochepa. Ndipo gulani chachibuma mukwechese nokha. Chokwechakwecha kale cha m'mapepala chija amachiwaza sitachi kuti chisamatane, ndiye sichisungunuka bwino, komanso mtengo wake ndi wokwera.

Pa intaneti muona aku America akuthira chitini cha supu wa bowa wa Campbell's, uja wolimba. Chakudyachi ndi chakwawo, iwo amachikonda choncho. Ine ndinayesa kamodzi, mchere unachuluka, ndinabwerera ku fulawa wanga.

Ndipotu poto ameneyu nayenso ndi wa komweko. Wotchuka uja wa dzina loti Crock-Pot anayamba kugulitsidwa mu 1971, koma anayambitsa ndi bambo wina, Irving Naxon, atamva za mphodza ya Ayuda yotchedwa cholent, imene ankaiika pamoto Lachisanu dzuwa lisanalowe kuti idzadyedwe pa Sabata popanda kusonkha moto. Poyamba anali poto wa nyemba. Nditamva zimenezo ndinakumbuka agogo akusiya mphika wa nyemba pachikuni n'kupita kumunda. Koma apa mumve bwino, chifukwa ndikukudziwani, mawa lomwe muyesa nyemba. Nyemba zofiira zouma musaziike zaziwisi m'menemo. Muzinyike, kenako zibwate kwambiri pachitofu mphindi zosachepera 10, ndiye muziike. Poto ameneyu kutentha kwake sikukwana kupha poizoni wa m'nyemba zimenezo, mutha kusanza banja lonse. Za m'chitini zilibe vuto. Nyama youndana ya mufiriza nayonso ayi, isungunuke kaye mufiriji.

Mwati mashifiti anu ndi a maola 12. Pamenepo minsi ndi mbatatesi yopyapyala zidzapsa mopitirira. Onani ngati poto wanu ali ndi polembedwa Warm, achimwene akaweruka azikatembenuzira pamenepo. Apo ayi, masiku ataliwo gulani shin, nyama yapamwendo, kapena brisket, yapachifuwa, mudule nthuli zikuluzikulu, mbatatesi mungoiduladula pakati. Nyama yolimba imeneyo ndi imene imakonda kukhalitsa, pofika madzulo imachita kunyenyeka yokha. Ine nyama ndimakazinga usiku, ikazizira mufiriji, mbatatesi ndimadula n'kuisiya m'madzi kuti isade. M'mawa ndi kungoyala, tiyi asanazizire ndatha.

Koma achimwene anga aja muwauze asamavundukule. Ndimawadziwa, kuyambira ali mwana anali wosuzumira m'miphika. Akavundukula kamodzi kutentha kumathawa, mwaonjezera mphindi ngati 20. Chivundikirocho ndi chagalasi, aziona ndi maso.

Za magetsi musadandaule. Poto ameneyu amadya mawati ngati 200, pamene uvuni amafika 2000. M'nyengo yozizira ino ine uvuni ndinangomusiya.

Azakhali ku Lilongwe ndaona mwalemba kuti tikutumizireni wanu. Pulagi ndi yomweyo ya mano atatu, ilowa bwinobwino, koma ine ndikukayika. Magetsi akazima 10 koloko inu muli kuntchito, nyama ikhala yofunda tsiku lonse, ndipo imeneyo si yodyanso ayi. Tikambirana pafoni.

Zotsala, alamu, musazisiye mupoto usiku wonse. Zikazizira ikani mubakuli, mufiriji, mudye pasanathe masiku awiri. Potenthetsa gwiritsani mayikulowevu kapena chitofu mpaka zituluke nthunzi, osati slow cooker, amachedwa kutentha. Kuziika mufiriza ine sindikonda, mbatatesi imabwerako yamadzi.

Pambali muikepo kabichi, kapena spring greens uja amafanana ndi repu, mungokazinga ndi anyezi ndi tomato monga kwathu, chifukwa chakudyachi pachokha n'cholemera. Achimwene akanena kuti sanadye chifukwa sanaone nsima, ufa muli nawo, mthiko muwapatse, avundule okha. Apa alamu anu anachita makani mwezi wathunthu, lero ndi amene amakokota poto.

Eya, wamng'ono uyu akundikoka chitenje, akuti homuweki. Yesani Lachinayi pamene mwati muli pa ofu, kuti muone nokha maola amene poto wanu amatenga, chifukwa ena amatentha kuposa anzawo. Munditumizire chithunzi musanathire tchizi, ndione msuziwo.