Amafuna nsima ya mapira, koma asinje ndani?

Mayi wina wa ku Nchalo wandilembera pa imelo kuti amuna awo amadandaula kuti zakudya za makolo zikutha chifukwa akazi a masiku ano ndi aulesi, koma mayiwo atayamba kuphunzitsa mwana wawo wamwamuna kugwira mthiko, apongozi awo aakazi anakalipa kuti akumusandutsa mkazi. Akufunsa ngati apitirize kapena aleke. Mayi, funso lanuli landipweteka mtima, chifukwa mawu akuti ulesiwa ndawamva kuyambira ndili mwana.

Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi kufupi ndi Bangula, kumene chimanga cha kumtunda chimapserera ndi dzuwa zaka zambiri, ndipo chimene chinkatisunga ndi mapira ndi mchewere. Munthu amene amayamikira nsima ya mapira atakhala pa mpando sadziwa ulendo wake. Akakolola, ngala zimafunika kupuntha, ndipo mankhusu ake amayabwa khosi ndi mikono mpaka usiku. Kenako pali kupeta, kusinja mu mtondo, kupetanso, ndiyeno kugwada pa mphero. Mawondo a agogo anali akuda ndi okhuthala chifukwa cha mpheroyo, ndipo ufa wa tsiku limodzi unkawadyera m'mawa wonse, asanatunge madzi, asanatole nkhuni, asanathyole ndiwo kudimba. Nsima ikapsa, mbale yoyamba inkapita pansi pa mtengo wa nimu kwa agogo aamuna ndi amalume, pamodzi ndi nthuli zonona za mlamba, ife tikutsala ndi mchira ndi msuzi pafupi ndi mafuwa. Pa njala ya mu 2002 amayi a m'mudzi mwathu ankalawirira kudambo kukazula nyika, mizu yodyedwa ya zomera za m'madzi, momwe muli ng'ona, kubwera nazo ali onyowa, kuziphika, komabe iwo ndiwo ankadya pomalizira. Mwamuna amene lero akunena kuti mkazi wa ku Chigwa cha Shire ndi waulesi akunyoza manja amene anamulera.

Zoona zake n'zakuti akazi atapeza chigayo ndi ufa wa chimanga anasankha kupuma, ndipo sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Chakudya chimene ntchito yake yonse inasenzetsedwa munthu mmodzi sichikanakhalitsa mwana wamkazi atayamba kupita kusukulu ndipo mayi atayamba geni pamsika. Kulira mapira popanda kukhudza munsi ndi kufuna kukoma kwake ndi thukuta la wina.

Ndipo nkhani yakuti mwamuna saphika ndi bodza limene aliyense amaliona masana. Asodzi a m'madoko a Shire amatakasa okha nsima akagona kumadzi. Pa Ngabu ndi pa Thabwa okazinga chipisi ndi kanyenya ambiri ndi anyamata, ndipo m'nyumba za azungu kalelo akhukhi ambiri anali amuna. Kumene kuli ndalama mwamuna amaugwira mthiko mopanda manyazi, koma mwambo amaukumbukira pokhapokha ntchitoyo ikakhala yaulere. Ena amati vuto ndi lobola, poti kwa Asena mwamuna amatha kunena kuti anapereka chuma choncho aphikiridwe. Koma kwa Amang'anja, kumene mwamuna amakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, mphika umadikirabe mkazi yemweyo, ndiye lobola palokha silikufotokoza zonse. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsidwa mu 2013, koma kukhitchini silinalowebe. Ngakhale m'misasa ya anthu othawa madzi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, pamene aliyense anali atataya munda ndi nyumba mofanana, osaka nkhuni ndi opempha miphika anali amayi.

Chimene chimandiopsa n'chakuti luso lonseli lili m'mitu ya agogo aakazi okha: kusankha ngala za mbewu, kuisunga ndi phulusa kuti isafumbwe, kumeretsa chimera cha thobwa, kudziwa bwemba wokwanira phala. Gogo akamwalira kapena madzi akakokolola mudzi, monga anachitira ku Makhanga mu Januwale 2015, zambiri zimapita, chifukwa theka la ana a pabanja linaletsedwa kuphunzira.

Tsono muchite chiyani?

Musaleke, mayi. Koma musakangane ndi apongozi anu maso ndi maso, chifukwa nawonso anagwada pa mphero moyo wawo wonse ndipo kuwauza kuti zinali zopanda chilungamo kungawapweteke. Apempheni kuti iwowo aphunzitse mdzukulu wawo kuphika thobwa, poti gogo savutika kukana mpongozi koma amavutika kukana mdzukulu. Amuna anuwo, akatchulanso za nsima ya mapira, auzeni mwaulemu kuti Loweruka akagule mapirawo pamsika, apite nawo kuchigayo okha, abwere ndi nkhuni, ndipo mnyamatayo akamatakasa akhale pomwepo kumugwirira mphika.