Bwana, Nanga Mwala Uwu Ndi Chiyani?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wophunzitsa za miyala ndi nthaka pa yunivesite. Amutuma kuti akonze maphunziro othandiza anzake kusiya kulankhula okha m'kalasi, koma madoda akuti amenewo ndi masewera a ku sitandade wani. Akufunsa poyambira.

Achemwali, mwanditokosa pachilonda.

Ine mayeso a miyala ndinakhoza ndi manotsi oloweza. Kusiyana kwa granite ndi gneiss ndinkakulakatula osaphonya. Tsiku lina tikutsetsereka pa Chiweta, tayala la minibasi linaphulika, tonse n'kutsika. Kondakitala atamva ntchito yanga anatola mwala m'mbali mwa msewu. "Bwana, nanga uwu ndi chiyani?" Ndinaupukuta pa buluku, kuutembenuza uku ndi uku, kukhosomola kawiri, n'kunena kuti ndi mwala wakalekale. Mayi wina wa dengu la usipa anaseka mpaka misozi. Apo n'kuti nditaima pa khoma lenileni la Rift Valley, chigwa chachikulu chobwera chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka, nyanja ikuoneka pansipo, malasha a ku Mchenga ali chapafupi, akasupe a madzi otentha ali kumunsi konko. Zonsezo ndinkazidziwa pa bolodi pokha.

Patapita zaka anatiitana ku wekishopu ya kaphunzitsidwe katsopano, pa hotela ina ya kunyanja. Masiku atatu athunthu bambo wina anaima kutsogolo ndi masilaidi ake, kutiuza kuti kuima kutsogolo n'kumangolankhula n'kulakwa. Tinawodzera, tinadya chambo, tinasainira alawansi. Lolemba aliyense anabwerera ku manotsi ake achikasu aja. Za alawansizi tidzakambe tsiku lina, ndingapse mtima.

Ndiye madoda anuwo musawadabwe. Sanaonepo njirayi ikugwira ntchito, ndipo chimene akuopa kwenikweni ndi cha kondakitala chija: kufunsidwa pagulu chinthu chimene mulibe m'manotsi. Poyamba ndinkati n'kusadziwa chabe. Ayi, ndi mantha, ndipo amene akulipira ndi ana. Kafukufuku wa mu 2014 amene anaphatikiza zofufuza 225 za maphunziro a sayansi anapeza kuti kumene mphunzitsi amangolankhula, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera, pamene kumene ophunzira amagwira nawo ntchito anali pafupifupi 22.

Za kusowa zipangizo ndiye musandiuze, kuno ku Mzuzu. Dothi lofiira limatimata nsapato mvula ikangogwa, amayi akuswa miyala m'mbali mwa misewu, mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, anafukulidwa ku Karonga konkuno. Zimenezi ena amakwerera ndege kudzaziona.

Nanga mutani?

Pa maphunziro anuwo projekita isayake. Ikani miyala pa tebulo lililonse popanda mayina, aphunzitsiwo akangane okha. Kenako afunseni chifukwa chake zivomerezi za mu Disembala 2009 zinagwedeza Karonga kwambiri chotere. Apatseni mayankho angapo, aliyense asankhe limodzi pokweza dzanja, akambirane ndi woyandikana naye mphindi ziwiri, asankhenso. Ndi njira imene mphunzitsi wa sayansi Eric Mazur anaitchukitsa ku yunivesite ya Harvard, ndipo imatheka ngakhale m'kalasi ya anthu 150. Aliyense asinthe phunziro limodzi lokha, inu mukakhale kumbuyo tsiku limenelo.

Doda lovuta kwambiri pa onsewo mulipatse mwala umene likuudziwa bwino, liyambe ndilo kulongosola. Wa ku Chiweta uja ndikanali nawo pa windo, mukaufuna mudzautenge.